Abwana akamachedwetsa malipiro mwezi ndi mwezi: zomwe lamulo likunena ndi komwe mungapite

“Dikirani sabata ya mawa.” Mawu amenewa akudziwika bwino kwa antchito ambiri m'maboma a Tsangano ndi Macanga. Amawamva alonda a usiku, ogulitsa m'mashopu a ku Furancungo, makobradolo a chapa, amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, anyamata oponya matope pa zomangamanga, ndiponso antchito a m'minda ya fodya ndi ya mbatata ya kachewere. Mwezi umatha, tsiku lolandira limadutsa, bwana amvekere ndalama sizinalowe. Sabata ya mawa ija ikafika, amakupatsa theka. Mwezi wina ukamatha, ngongole yakale ikadalipo ndipo yatsopano yawonjezekera pamwamba.

Wantchito sakhala chete chifukwa chosamva kuwawa ayi. Amaopa kuchotsedwa ntchito, poti ntchito yolipidwa pamwezi kuno kwathu ndi yosowa. Koma nthawi yomwe iye akudikira, mwininyumba sadikira, wa pa golosale amatseka buku la ngongole, ndipo feteleza amakwera mtengo mvula ikayandikira. Ena amathawira ku katapila, kotero kuti malipiro akadzabwera amangodutsa m'manja.

Nkhani ino ikufotokoza zomwe malamulo a dziko la Mozambique amanena pa malipiro ochedwa, umboni womwe muyenera kusunga, ndi makomo omwe mungagogode motsatana.

Malipiro si chifundo cha bwana

Malamulo aakulu a dziko lino, Constituição da República, m'ndime 85 amanena kuti wantchito aliyense ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera. Tsatanetsatane wake ali mu Lei do Trabalho. Lamulo lomwe likugwira ntchito panopa ndi Lei 13/2023 la pa 25 Agosto 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Fevereiro 2024 m'malo mwa lakale lija, Lei 23/2007.

Pa nkhani ya malipiro pali mfundo zinayi zofunika kuzidziwa.

Yoyamba ndi ya nthawi. Malipiro ayenera kuperekedwa pa nthawi yodziwika: pa sabata, pa masiku 15, kapena pamwezi, malinga ndi momwe munagwirizanirana. Lamulo silinena kuti bwana azilipira pokhapokha malonda akayenda bwino. Phindu likachuluka bwana sagawana nanu, choncho malonda akavuta si inu woyenera kumukongoza thukuta lanu popanda kufunsidwa.

Yachiwiri ndi ya kulipira ndi katundu. Bwana atha kupereka gawo la malipiro ngati chimanga, ufa kapena zinthu zina zofunika pakhomo, koma gawo limeneli lisapyole 25 pa 100 ya malipiro onse, ndipo mtengo wake uwerengedwe molingana ndi mitengo ya m'deralo. Ngati malipiro anu ndi 8.000 meticais, katundu asapyole 2.000. Zotsalazo ndi ndalama.

Yachitatu ndi ya kudula malipiro. Bwana sangangodula momwe wafunira. Kudula kumayenera kukhala kololedwa ndi lamulo, monga msonkho ndi ndalama za INSS, kapena kochokera pa zomwe inu munavomereza. Ndipo zodulidwa zisapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a pamwezi.

Yachinayi ndi ya malipiro otsikitsitsa. Boma limalengeza malipiro ochepetsetsa a gawo lililonse la ntchito, pambuyo pa zokambirana za boma, mabwana ndi masindikato mu Comissão Consultiva do Trabalho. Mwachitsanzo, kuyambira mu Abril 2024 malipiro otsikitsitsa a ntchito zaulimi anaikidwa pa 6.338 meticais pamwezi. Chiwerengerochi chimasintha pafupifupi chaka chilichonse, choncho funsani chomwe chilipo panopa.

“Koma ine ndilibe kontrato”

Ambiri amagwa ulesi pamenepa. Amaganiza kuti popanda pepala losainirana, palibe komwe angadandaule. Si zoona. Lamulo limati udindo wolemba kontrato ndi wa bwana, ndipo kusalembedwa kwake sikufafaniza ufulu womwe wantchito wapeza pogwira ntchito. Ngati mumabwera pa nthawi yomwe bwana anaika, mumagwira zomwe iye walamula ndipo munalonjezedwa malipiro, ndiye kuti pali mgwirizano wa ntchito, ngakhale unali wa pakamwa.

Vuto la mgwirizano wa pakamwa ndi umboni. Bwana atha kukana kuti simunagwirizane 7.000 koma 5.000, kapena kunena kuti munayamba mu Junho pomwe munayamba mu Março. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya munthu amene malipiro ake ayamba kuchedwa si kukangana, koma kusunga umboni.

Umboni woyenera kusunga

Gulani kope la ana asukulu. Mulembemo tsiku lomwe munayamba ntchito, malipiro omwe munagwirizana ndi tsiku lolandirira. Mwezi uliwonse lembani tsiku lomwe ndalama zinayenera kubwera, tsiku lomwe zinabweradi, kuchuluka kwake ndi zotsala. Mukapatsidwa chimanga kapena sopo m'malo mwa ndalama, lembaninso pamodzi ndi mtengo womwe bwana watchula.

Musafufute mauthenga a M-Pesa, e-Mola kapena mKesh omwe bwana amakutumizirani ndalama. Uthenga uliwonse uli ndi tsiku, nambala ya wotumiza ndi kuchuluka kwa ndalama. Miyezi itatu yokha ya mauthenga otere imaonetsa kuti munthuyo amakulipiranidi, ndiponso imaonetsa mwezi womwe anadumpha. Chimodzimodzi mauthenga a pa foni kapena pa WhatsApp omwe bwana akuti “ndikupatsani Lachisanu”. Pamenepo wavomera yekha kuti ngongole ilipo.

Ngati pamalo panu pamaperekedwa resibo ya malipiro, sungani iliyonse. Koma chenjerani ndi kusaina. Musasaine pa folha ya malipiro kuti mwalandira zonse pomwe mwalandira theka. Ngati akukukakamizani, lembani pambali pa dzina lanu ndalama zenizeni zomwe mwalandira. Osadziwa kuwerenga apemphe munthu wodalirika awawerengere asanadinde chala.

Mboni nazo n'zofunika: anzanu a pantchito, oyandikana ndi malo a ntchito, kapena mfumu ya m'mudzi yomwe inaona mukulembedwa.

Khomo loyamba: bwana mwini wake

Yambani ndi kulankhula naye mwaulemu, panokha, osati pamaso pa makasitomala. Funsani zinthu ziwiri zokha: chomwe chachedwetsa ndalama, ndi tsiku lenileni lomwe zidzaperekedwe. Mabwana ena amakhaladi pa mavuto. Kontrakitala womanga sukulu kapena mlatho nthawi zina amakhala akudikira ndalama kuchokera kwa mwini ntchito. Kumvetsa zimenezi n'kwabwino, koma sikuchotsa ngongole. Amene anakulembani ntchito ndi amene ayenera kukulipirani, osati munthu wachitatu yemwe simunagwirizane naye kanthu.

Bwana akapempha kuti azilipira pang'onopang'ono, mutha kuvomera, koma mgwirizanowo ulembedwe: ndalama zonse zotsala, masiku operekera ndi kuchuluka kwa gawo lililonse, nonse awiri n'kusaina.

Tsiku lolonjezedwa likadutsanso, lembani kalata. Ndi bwino ikhale m'Chipwitikizi popeza ndicho chinenero cha m'maofesi. Ikhale yaifupi: dzina lanu, ntchito yanu, miyezi yomwe simunalipidwe, ndalama zake, ndi tsiku lomwe mukupempha kuti zikhale zitaperekedwa. Musaikemo zotukwana kapena zoopseza. Konzani makope awiri. Imodzi musiye kwa bwana, inayo akusainireni kapena akudindireni kuti walandira. Akakana kusaina, perekani pamaso pa mboni ziwiri ndipo mulembe tsikulo m'kope lanu.

Ngati ovutika muli ambiri, lembani kalata imodzi nonse. Mutu umodzi susenza denga. Kuchotsa munthu mmodzi wodandaula n'kosavuta, koma kuchotsa antchito 12 tsiku limodzi bwana amayamba waganiza kawiri. Komwe kuli komiti ya sindikato, nkhaniyi ipitire kumeneko. Mabungwe aakulu a masindikato m'dziko muno ndi OTM-Central Sindical ndi CONSILMO, ndipo pali masindikato a magawo, monga SINTICIM ya omanga, ocheka matabwa ndi a m'migodi, komanso SINED ya antchito a m'nyumba.

Khomo lachiwiri: Inspecção do Trabalho

Inspecção-Geral do Trabalho ndi nthambi ya boma yoona kuti malamulo a ntchito akutsatidwa, ndipo ili ndi ofesi ya chigawo mumzinda wa Tete. Oyendera ake ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito, kuona mabuku a malipiro, kulamula bwana kuti akonze zolakwika, ndi kumulipitsa chindapusa. Lamulo limawalamulanso kusunga chinsinsi cha munthu amene wabweretsa dandaulo. Izi zimathandiza amene akadali pantchito ndipo akuopa kudziwika.

Kuchoka ku Furancungo, ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame kukafika ku Tete ndi ulendo wodya ndalama, makamaka kwa munthu amene sanalandire miyezi iwiri. Musananyamuke, pitani ku Secretaria Distrital ya boma lanu mukafunse njira yotumizira dandaulo. Ngati muli gulu, sonkhani ya chapa n'kutuma anthu awiri atanyamula kalata yosainidwa ndi onse pamodzi ndi mafotokope a umboni. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu.

Khomo lachitatu: mkhalapakati wa CEMAL

M'chaka cha 2009 boma linakhazikitsa COMAL, Comissão de Mediação e Arbitragem Laboral, kuti mikangano ya pantchito izitha mwa kukambirana. M'zigawo bungweli limagwira ntchito kudzera m'maofesi otchedwa CEMAL. Mukapereka dandaulo, bwana amaitanidwa, nonse mumakhala pa tebulo limodzi pamaso pa mkhalapakati. Sipafunika loya. Mukagwirizana, zomwe mwagwirizanazo zimalembedwa ndi kusainidwa. Zikakanika, kapena bwana akapanda kubwera, mumapatsidwa pepala lotchedwa certidão de impasse, losonyeza kuti kukambirana kwalephereka, ndipo mutha kupita nalo ku bwalo la milandu.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti imafulumira kusiyana ndi khoti, ndiponso siphetsa ubale. Munthu atha kulandira zake n'kupitiriza ntchito. Koma pa tebulopo pitani mutawerengetsa kale. Mukanena kuti “ndi ndalama zambiri ndithu” mudzapatsidwa zomwe bwana wakonda. Mukanena kuti “miyezi itatu, 7.000 mwezi uliwonse, ndinalandirapo 6.000, zatsala 15.000”, nkhani imayenda.

Khomo lachinayi: bwalo la milandu

Zonse zikalephereka, mlandu umapita ku tribunal. Amene alibe ndalama ya loya apite ku IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 kuti lizithandiza osauka pa milandu. Kumeneko adzakuuzani bwalo loyenera mlandu wanu ndi mapepala ofunika.

Pano pali chenjezo lalikulu. Ufulu wodandaula uli ndi malire a nthawi. Ntchito ikatha, masiku amayamba kuwerengedwa, ndipo amene wachedwa amaluza ngakhale ngongole ili yoona. Musalole kuti miyezi 6 ikwane chisiyireni ntchito musanapereke dandaulo lolembedwa. Pali mabwana ena omwe amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amangokuyendetsani ndi “bwerani mwezi wa mawa” mpaka nthawi itatha.

Ngati kampani yagwa kapena ikutsekedwa, musataye mtima msanga. Lamulo limaika malipiro a antchito m'gulu la ngongole zoyamba kulipidwa katundu wa kampani akamagulitsidwa. Chofunika n'kuti dzina lanu ndi ndalama zanu zilembedwe pa mlanduwo nthawi ikadalipo.

Kusiya ntchito: pali njira yake

Munthu akatopa amangofuna kutaya makiyi n'kumapita. Kuchita zimenezi kumapatsa bwana mpata. Wantchito akasowa pantchito masiku 15 otsatizana osanena kanthu, bwana atha kulemba kuti wathawa ntchito, ndipo mlandu umatembenukira kwa wodandaula.

Lamulo limalola wantchito kuthetsa kontrato pa chifukwa chomveka, chomwe m'Chipwitikizi amati justa causa, ngati bwana akuphwanya ufulu wake mwadala kapena mosasamala. Kusalipira mobwerezabwereza kutha kukhala chifukwa chotere. Muyenera kulemba kalata masiku osachepera 7 musanachoke, yotchula momveka miyezi ndi ndalama zomwe simunalandire. Pa kontrato yopanda tsiku lothera, chipukuta misozi chake ndi malipiro a masiku 45 pa chaka chilichonse chomwe mwagwira.

Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze mlonda wolandira 9.000 meticais pamwezi, yemwe wagwira zaka 4. Pa tsiku ndi 300 meticais. Masiku 45 ndi 13.500. Kuchulukitsa ndi zaka 4, zikukwana 54.000 meticais, kuwonjezera pa malipiro onse omwe sanalandire. Amene wangochoka osalemba kalata amaika ndalama zimenezi pa chiswe.

Dziwani kuti bwana ali ndi ufulu wotsutsa chifukwa chanucho, ndipo zikatero woweruza ndiye amagamula. Choncho musanalembe kalata yotere, kaonaneni ndi a IPAJ, a sindikato kapena a Inspecção, umboni wanu uli m'manja.

Zinthu ziwiri zoyenera kupewa

Choyamba, musadzilipire nokha. Kutenga thumba la feteleza, njinga kapena ndalama za m'kabati n'kumati “ndi malipiro anga” ndi mlandu wakuba pamaso pa apolisi. Bwana yemwe anali wolakwa amasanduka wodandaula.

Chachiwiri, musanyanyale ntchito mwachisawawa. Ndime 87 ya Constituição imapereka ufulu wa sitiraka, koma ili ndi ndondomeko yake: antchito kapena sindikato agwirizane pamsonkhano, ndipo chidziwitso cholembedwa chipite kwa bwana ndi ku ofesi ya zantchito masiku angapo isanayambe. Kutseka geti, kuotcha matayala kapena kuwononga katundu kumabweretsa milandu ina yomwe imaphimba nkhani ya malipiro.

Antchito a m'minda ya fodya ndi ya mbatata

Ku Macanga ndi ku Tsangano kuli kalembedwe ka ntchito komwe kafunika kukambidwa pakokha. Mlimi amatenga wantchito nyengo ya nazale, n'kugwirizana kuti azimupatsa chakudya ndi pogona, ndipo ndalama adzalandira fodya akagulitsidwa. Ena mwa antchitowa amachokera ku Malawi, m'maboma oyandikana nafe monga Dedza ndi Ntcheu. Munthu amagwira miyezi yambiri, kufesa, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha, osaona ndalama m'manja. Msika ukatsegulidwa, mlimi amayamba wadulidwa ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo zotsala zikachepa woyamba kuiwalidwa amakhala wantchito.

Apa chitetezo chachikulu chili pa chiyambi, osati pa mapeto. Mgwirizano uchitikire pamaso pa mfumu kapena secretário wa m'deralo, ndipo ulembedwe ngakhale pa pepala la m'kope: ndalama zonse, ndalama yake ngati ndi metical kapena kwacha, zomwe zidzadulidwe ndi zomwe sizidzadulidwa, ndi tsiku lolipira. Pemphani kuti gawo lina lizibwera mwezi ndi mwezi, lisadikire msika lonse. Chakudya chomwe mukupatsidwa chilembedwe nthawi yomweyo, chifukwa mkangano waukulu umabuka pamapeto, mlimi akayamba kuwerengera ndowa za chimanga pa mtengo womwe sunatchulidwepo.

Zikavuta, yambirani kwa mfumu yomwe inachitira umboni kapena ku tribunal comunitário. Mabwalo amenewa ali pafupi ndipo amamva Chichewa. Akalephera, njira ya ku Inspecção ndi ku IPAJ ikadali yotsegula. Pali alimi ena omwe amaopseza wantchito wochokera kunja kuti akamunenera za mapepala akangofunsa malipiro. Lamulo la ntchito limanena kuti ngakhale kontrato itapezeka kuti sinatsate malamulo, nthawi yomwe munthu wagwira kale imawerengedwa. Ndiponso wolemba ntchito mlendo mosatsata malamulo nayenso ali ndi mlandu woyankha.

Antchito a m'nyumba ndi a boma

Ntchito ya m'nyumba ili ndi malamulo akeake, Decreto 40/2008. Malipiro otsikitsitsa a magawo aja sakhudza antchito a m'nyumba, koma zomwe munagwirizana ziyenera kuperekedwa pa nthawi yake. Kugona ndi kudya pakhomo pa bwana si chifukwa choti mwezi udutse osalandira.

Aphunzitsi, anamwino ndi ena olembedwa ndi boma satsata Lei do Trabalho, koma malamulo a antchito a boma otchedwa EGFAE. Dandaulo lawo limayambira kwa mkulu wa pamalo, kupita ku Serviço Distrital, ndipo likakanika limathera ku Tribunal Administrativo. M'zaka za 2023 ndi 2024 aphunzitsi m'zigawo zingapo anadandaula poyera za ndalama za maola owonjezera zomwe zinachedwa. Kwa iwonso mfundo ndi yomweyi: dandaulo lilembedwe, kope yodindidwa isungidwe.

Musaiwale INSS

Bwana wochedwetsa malipiro nthawi zambiri amachedwetsanso ndalama za INSS. Mwezi uliwonse 7 pa 100 ya malipiro imayenera kupita kumeneko: 3 yodulidwa kwa wantchito, 4 yochokera m'thumba la bwana. Pali mabwana ena omwe amadula 3 ija koma osaipereka. Vutoli silioneka lero. Limadzaoneka munthu akadwala, akakalamba, kapena akamwalira ana n'kupita kukafunsa thandizo. Tengani nambala yanu ya INSS mukafunse ku ofesi yawo ngati miyezi yanu yonse inalowa. Ngati pali mipata, iikeni m'dandaulo lomwelo lopita ku Inspecção.

Kuchedwa kwa kamodzi kutha kuchitika pena paliponse, ndipo anthu amamvana. Koma kukachitika kachiwiri ndi kachitatu, yambani kulemba m'kope lero lomwe, perekani kalata mwezi uno usanathe, ndipo bwana akapanda kuyankha pitani nayo kope yanu ku maofesi omwe tatchulawa nthawi isanakuthereni.